Za 2147483647 ndi tsiku lomwe 2047 inandichititsa manyazi

Achimwene, mwafunsa ngati 2147483647, yomwe ndi 2^31 − 1, ili prime (nambala yosagawika ndi ina kupatula 1 ndi iyo yomwe), komanso gulu lake. Nambala yanuyo ndi prime ndithu, katswiri wa masamu Euler anatsimikiza kale mu 1772. Koma chifukwa chomwe mwaperekacho, choti poti 31 ndi prime ndiye kuti 2^31 − 1 nayonso ndi prime, chitayeni msanga. Ine ndinagwera m'dzenje lomwelo ndili pa TP, nthawi yoyeserera uphunzitsi.

Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi ndiye anandibwereka manotsi olembedwa lamulo labodzali. Tsiku lophunzitsa, abwana odzatiyesa anakhala kumbuyo, fayilo pamiyendo. Ndinalemba pa bolodi kuti mu 2^p − 1, p ikakhala 2 ikutipatsa 3, 3 ikutipatsa 7, 5 ikutipatsa 31, 7 ikutipatsa 127. Ma prime okhaokha. Ndinachita kudula mzere kawiri kunsi kwake, kunyada. Basi kamtsikana ka kutsogolo kakweza mkono, "Sala, nanga 11?" Ndawerengera, 2047, ndati iyinso ndi prime. Abwana aja osadzutsa n'komwe mutu, amvekere, "Aphunzitsi, tagawani ndi 23." Ndagawa, dzanja likunjenjemera, choko mpaka kuthyoka. 89, osatsala kanthu. Kalasi yonse inangoti "Eeee!" Thukuta kamukamu, kolala yonse kunyowa, ndipo zomwe ndinaphunzitsa mphindi zotsalazo sindizikumbuka.

Madzulo ndikumufunsa mnzanga uja, iye phwete kuseka, ati anangokopera kwa wina osayesa. Mpaka lero akandilembera pa WhatsApp ndimangowerenga n'kusiya. Nawonso abwanawo akanatha kundiitanira pambali, koma anasankha kundivula pamaso pa ana a Fomu 1, n'kundidulanso mamalikisi. Anthu ena mtima alibe.

Chimandipweteka n'choti njira inalipo. Ngati p ndi prime yoposa 2, prime iliyonse yogawa 2^p − 1 imakhala ya mtundu wa 2kp + 1, pomwe k ndi nambala yathunthu. Taonani, 23 ndi 2×11 + 1, 89 ndi 8×11 + 1. Ndikanadziwa, 23 ikanakhala yoyamba kuiyesa. Pa yanuyo ndiye kuti mungoyesa ma prime a mtundu wa 62k + 1 osapitirira 46340, poti square root yake sifika 46341.

Za gulu lake, lembani kuti ndi Mersenne prime (prime ya mtundu wa 2^p − 1) yachisanu ndi chitatu, komanso double Mersenne, poti 31 yemweyo nayenso ndi Mersenne prime, 2^5 − 1. A mapulogalamu a kompyuta amaidziwa bwino, ndiyo nambala yaikulu kwambiri yokwana mu mtundu wa nambala womwe amautcha signed 32-bit integer.

Ndiye musamakhulupirire zolemba za munthu, yesani nokha chilichonse. Komabe musachezere usiku wonse kugawa pamanja, ikani pa kompyuta Lucas-Lehmer, njira yoyesera ngati 2^p − 1 ili prime, mayeso omwewo amene a GIMPS, gulu losakasaka ma Mersenne prime, anatsimikizira 2^136279841 − 1 mu 2024, chinambala cha madijiti 41,024,320. Za 13, 17 ndi 19, mukaziyesa muona kuti zimapereka ma prime. 23 ndi 29 ayi, musayerekeze kuzilemba pa bolodi abwana ali kumbuyo.