Kontrakiti ibwera pambuyo: kodi ndiyambe ntchito ya pa tilu?

Mlungu watha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Chawama, yemwe wapeza ntchito ya pa tilu m'sitolo ina yaikulu muno mu Lusaka. Iye analemba kuti: "Andiuza kuti ndiyambe Lolemba, kontrakiti ibwera pambuyo. Kodi zimene amalonjeza m'masitolo akuluakuluwa zimafikadi m'manja?"

Mchemwali wanga, ntchitoyo ilandireni, pakuti ntchito ikusowa m'tauni muno, koma pemphani mwaulemu kuti muone kontrakitiyo musanaime pa tilu. Poiwerenga muyambe ndi dzina la amene akukulembani, chifukwa ena amavala yunifolomu ya sitolo pamene amalipidwa ndi kampani ina yongobweretsa antchito. Mphwanga anagwira ntchito yopanga katundu m'mashelefu mwa njira imeneyi kwa chaka chathunthu, ndipo tsiku limene tinapita kukafunsa ku NAPSA, bungwe losunga ndalama za penshoni, tinapeza kuti miyezi ingapo inalibe kanthu, ngakhale kuti pa payslip ankamudula mwezi uliwonse. Ndimakumbukirabe mmene anagwirira mapepala aja osalankhula mpaka titafika pa siteshoni ya minibasi ya Kulima Tower.

Zodulidwa zovomerezeka n'zodziwika. NAPSA imatenga 5 peresenti kwa inu, ndipo okulembani ntchito amawonjezerapo 5 peresenti ina. NHIMA, ya chipatala, imatenga 1 peresenti mbali iliyonse. Msonkho wa pa malipiro, PAYE, umapita ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, ndipo mu 2024 malipiro osapitirira K5,100 pa mwezi sankadulidwa msonkhowo. China chilichonse chimene chingaoneke pa payslip, makamaka shoteji ya pa tilu, funsani kuti chachokera pati, ndipo madzulo powerenga ndalama musasaine pepala la tsikulo musanawerenge nokha pamaso pa supavaiza, ngakhale minibasi yomaliza ikukuthawani.

Lamulo la ntchito la 2019, Employment Code Act, lili kumbali yanu kuposa mmene ambiri amaganizira. Nthawi yokuyesani siyenera kupitirira miyezi itatu, ndipo akafuna kuiwonjezera sangadutse miyezi ina itatu. Muli ndi masiku awiri a tchuthi pa mwezi uliwonse umene mwagwira, komanso, monga mkazi, tsiku limodzi pa mwezi limene timalitcha Mother's Day, lomwe simufunikira kubweretsa kalata ya dokotala. Ovataimu imalipidwa kamodzi ndi theka, ndipo pa holide ya boma imalipidwa kawiri. Ngati kontrakiti yanu ili yopitirira chaka chimodzi, pomaliza pake pamakhala gratuity, ndalama yokuthokozani, yosachepera 25 peresenti ya malipiro a basic, kutanthauza malipiro enieni osaphatikizapo zowonjezera. Pa ovataimu m'pamene ndimaona anthu akutaya ndalama zambiri, chifukwa mu Disembala, pamene mizere imafika mpaka kumashelefu a ufa, palibe amene amakumbukira kulemba maola. Gulani kabuku kakang'ono muzilemba ora lolowera ndi lotulukira tsiku lililonse.

Za mabwana, ndinena zoona: alipo abwino ndithu, ndipo ndikudziwa anthu amene anayamba ndi kukankha matrole lero ndi oyang'anira madipatimenti. Komabe moyo wanu wa tsiku ndi tsiku udzadalira kwambiri munthu amene amalemba mashifiti, ndipo wantchito amene ali yekha savuta kumuopseza. Mu Okutobala 2013 Shoprite inachotsa antchito pafupifupi 3,000 amene ananyanyala ntchito chifukwa cha malipiro, koma boma la Michael Sata litaopseza kuti lilanda laisensi, anthuwo anabwezedwa pa ntchito. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti m'sabata yoyamba mufunse ngati pamalopo pali yuniyoni, monga NUCIW, yoimira antchito a m'masitolo ndi m'mafakitale, ndiponso kuti woiimira ndi ndani.

Zikavuta, a Unduna wa Zantchito ali ku Government Complex, pa Independence Avenue, ndipo mukapita kumeneko mutenge kontrakiti, mapayslip onse ndi kabuku kaja.