Payi ya nkhuku ya pa Khrisimasi, ngakhale mulibe uvuni

Achemwali, mwafunsa zinthu zitatu: payi ya nkhuku ngati yomwe agogo anu ankaphika pa Khrisimasi, keke, ndi zakumwa za alendo. Za keke ndi zakumwa ayankhe ena, ine ndigwira za payi. Koma choyamba, amene akuuzani kuti muthire yisiti ndi shuga mu fulawa akukuphikitsani mabanzi. Amene anena zoti mukande ngati mandasi akuphikitsani chinthu choti mano a apongozi asachithe.

Chikopa cha payi yakale chili ndi lamulo limodzi lomwe ophika a ku Britain, komwe payi yamtunduwu inachokera, akhala akutsata: mafuta akhale theka la kulemera kwa fulawa. Pa mbale yachitsulo ya masentimita 24 kapena 26, ija yoyera ya mkombero wabuluu, tengani fulawa wa plain magalamu 400 (makapu atatu a 250 ml), majarini magalamu 200, mchere theka la supuni ya tiyi, ndi madzi ozizira kwambiri supuni zazikulu 5 kapena 6. Majarini akhale wolimba wa mdadada uja wophikira. Wofewa wa m'kontena wopaka pa buledi ali ndi madzi ambiri, amapangitsa ufa kumata m'manja, inu nkumawonjezera fulawa mpaka muyeso wonse wasokonekera. Batala amakoma kuposa zonse, koma konzekerani kulipira mwina kawiri kapena katatu mtengo wa majarini.

Dulani majarini tizidutswa, mutikite mu fulawa ndi nsonga za zala zokha mpaka zioneke ngati nyenyeswa za buledi. Thirani madzi supuni imodziimodzi mukusakaniza ndi mpeni, zikangogwirana siyani. Osakanda. Kukanda kumadzutsa ulimbo wa mu tirigu, ndiye chikopa chimalimba ndi kukhwinyata pamoto. Disembala kumatentha, choncho chitani izi m'mamawa. Kulungani mu pulasitiki, muike m'firiji mphindi 30. Magetsi akathima, ikani mu kapoto kotseka, kapotoko mukakhazike mu beseni la madzi ozizira.

Tsopano pomwe payi zambiri zimafera: kuthira nkhuku yotentha pa chikopa chachiwisi. Nthunzi imasungunula majarini moto usanagwire, pansi pamakhala phala lotuwa losapsa ngakhale pamwamba pafiire bwino. Mukadula pamaso pa alendo, chidutswa chimakana kunyamuka m'mbale. Zam'kati muphike dzulo lake, kapena zizizire mpaka mutapisa chala osamva kufunda kulikonse.

Nkhuku ya lokolo ndiyo imapereka fungo lija la payi ya agogo, koma iwire ola limodzi ndi theka kapena awiri mpaka nyama izichoka yokha ku mafupa. Yachizungu mphindi 40 zakwana. Sankhani mafupa onse mosamala, makamaka ting'onoting'ono ta m'nthiti, poti ana sayang'ana zomwe akumeza. Kazingani anyezi awiri mu mafuta supuni ziwiri, thirani fulawa supuni ziwiri, takasani mphindi imodzi, kenako thirani pang'onopang'ono msuzi wa nkhuku ija kapu imodzi ndi theka. Ulimbe ngati phala la mwana, lokakamira ku chipande. Onjezani nyama, karoti awiri ndi mbatatesi ziwiri zoduladula timabokosi zomwe mwawiritsako kale, mchere ndi tsabola wakuda. Tomato musaike, amatulutsa madzi m'kati muja. Ndipo nkhukuyo gulani sabata ziwiri Khrisimasi isanafike muziidyetsa nokha, chifukwa pofika pa 23 ndi 24 mtengo umakhala utakwera, nkhuku zonenepa zitapita kale.

Gawani ufa uja pawiri, gawo lapansi likulepo pang'ono. Falitsani ndi botolo losalala mpaka makulidwe a mamilimita 3 kapena 4. Yalani m'mbale osakoka, chifukwa chokokedwa chimabwerera pamoto. Ikani zam'kati, nyowetsani mkombero ndi madzi, vindikirani ndi gawo linalo, dindani m'mbali ndi foloko. Boolani pamwamba ndi mpeni malo atatu kuti nthunzi izituluka, apo ayi msuzi udzatulukira m'mbali. Pakani dzira lomenya.

Mu uvuni ndi madigiri 200 kwa mphindi 15, kenako 180 kwa mphindi zina 25 mpaka 30. Pa mbaula, tengani poto wamkulu woti mbale ilowe osakhudza m'mbali, thirani mchenga wouma kuya kwa zala ziwiri, vindikirani, ikani makala pa chivindikiro, atenthe mphindi 15 payi isanalowe. Kuti mudziwe ngati watentha mokwanira, ikanimo fulawa pang'ono pa kachivindikiro ka chitini: akafiira bwino pakatha mphindi 5, lowetsani payi. Akada msanga, phulani makala ena. Mchenga wonyowa wa nthawi yamvula ino musauyese, umangodzaza nthunzi m'poto, uumitseni kaye pamoto. Pakatha mphindi 20 zungulitsani mbale, muonjezere makala pamwamba ndi kuchepetsa apansi. Zonse zimatenga mphindi 45 mpaka 50, ndipo kuvundukula pafupipafupi kumathawitsa moto.

Mukaphula dikirani mphindi 15 musanadule, msuzi ukhazikike. Payi ya nyama isagone pa tebulo tsiku lonse ndi kutentha kumeneku. Pakadutsa maola awiri, yotsala ilowe m'firiji, ndipo podzadya muitenthetse mpaka pakati penipeni.

Tizidutswa ta chikopa totsala musataye. Mango ndi ambiri nyengo ino: dulani awiri opanda ulusi, sakanizani ndi shuga supuni imodzi, kasitadi wa ufa supuni imodzi ndi madzi a ndimu pang'ono, mukulunge timapayi ting'onoting'ono ta ana, tilowe m'poto yemweyo makala asanazime.