Nyanja timatseka tokha, nanga anzathu aja?

FUNSO: Akonzi, ine ndimapanga geni ya usipa kuno kwa Makanjira, Mangochi, bambo akunyumba amapita kukapha nsomba ndi ukonde wa chilimira. Ikangofika Novembala timamva kuti nyanja yatsekedwa, a BVC (komiti ya m'mudzi yoyang'anira usodzi padoko) ayamba kuyenda m'madoko kulanda makoka, ife ndalama ya fizi osaiona, koma usiku ukayang'ana chakumpoto mbali ya Mozambique nyali zili ngwee pamadzi. Nanga nsomba zake si zomwezi? Tikuvutikiranji tokha? — Mayi wa geni, Makanjira

YANKHO: Mayi, mwafunsa zenizeni ndipo inenso zimandipweteka. Usipa umene mwayanika pathandala lero mwina dzana unali ku Meponda ku Mozambique, nyanja ya Malawiyi imakhudza mayiko atatu, ife, Mozambique ndi Tanzania, koma aliyense ali ndi malamulo akeake komanso kalendala yakeyake.

Sikuti atsogoleri sanakhalepo pansi ayi. Mu 2001 mayiko a SADC anasainirana pangano la za usodzi ku Blantyre konkuno, logwirizana kuti nsomba za m'madzi ogawana azizisamalira limodzi. Pepala lilipo, chimene chikuchedwa ndi kulifikitsa padoko pamene inu mwakhalapo. Ku nyanja ya Victoria anzathu a Kenya, Uganda ndi Tanzania anakhazikitsa bungwe limodzi loyang'anira usodzi mu 1994, mavuto sanathe koma ali ndi pokumanira. Ifeyo nkhani ya malire ndi Tanzania, ija inabukanso mu 2012 chifukwa cha mafuta a pansi pa nyanja, imapangitsa kuti zokambirana zina ziziyenda mwakachetechete ngati pamaliro.

Koma mayi ndikupempheni, musatengepo mtima woti basi nafenso tingopha. Kumbukirani nyanja ya Malombe. Chambo chinali mbwee kumeneko, makoka a maso ang'onoang'ono anakokolola ana ndi zisa zomwe, mpaka lero akuluakulu amangosimba ngati nthano, ndipo ndi chifukwa chake ma BVC anayambira konko cha m'ma 1993. Panalibe mlendo anabwera kudzawononga, tinali ife tomwe. Chambo chimaswana m'madzi osaya kufupi ndi gombe, mayi wake amasunga ana mkamwa, ndiye mukakoka khoka nthawi imeneyo mwapha banja lonse, ndipo chimenecho ndi cha gombe lanu lomwelo osati cha ku Metangula ku Mozambique. Dziwaninso kuti a Mozambique anaika mbali yawo ya nyanja pa chitetezo mu 2011, ndiye nyali zina mumaonazo mwina nawonso akuzembera malamulo a kwawo.

Inu a kwa Makanjira muli ndi mwayi umene a ku Lilongwe alibe, mumalankhula Chiyao chimodzi ndi anthu a tsidyalo, mumakwatirana, mumaikana maliro. Pamsonkhano wa BVC ukubwerawu imani mupemphe mafumu ndi alangizi a za usodzi kuti aitane makomiti a kutsidyako, mugwirizane miyezi yotseka ndi maso a ukonde. Mutengenso amayi anzanu a geni, musapite nokha.