Sopo wosambitsira galu wopanga pakhomo

Achimwene, mwafunsa chomwe mungasambitsire galu wanu poti shampu ya agalu sipezekapezeka kuno ku Nchalo. Ine ndimawiritsa masamba a nimu odzaza manja awiri, n'kusefa, madziwo azizire. Pa makapu awiri a madziwo ndimathira masupuni awiri a sopo wamadzi wotsukira mbale ndi supuni imodzi ya viniga. Thovulo limapha nthata zomwe zili pathupi, koma nkhupakupa mudzazizulabe ndi manja, makamaka m'makutu.

Sopo waufa wochapira zovala musayerekeze n'komwe, amaumitsa khungu mpaka galu kudzikanda zilonda. Thovu lisalowe m'maso, ndipo mutsukuluzeni bwinobwino. Ndi dzuwa lakunoli, musambitseni m'mamawa, kamodzi pamwezi basi. Ngati ubweya ukusosoka, zimenezo n'za alangizi a ziweto.