Anyamata akungoseka mauthenga athu a chamba, tisiye?

Mayi wina amene amatsogolera gulu la achinyamata pa Kamwendo, ku Mchinji, wanditumizira imelo. Akuti: "Timaika mauthenga oletsa chamba ndi midoli pa Facebook, koma anyamata amangoyankha ndi tinkhope toseka. Kodi tingosiya?"

Mayi, musasiye, koma tayambani mwaona zimene mukuikazo. Ndikukhulupirira kuti pali chithunzi chija cha munthu wa nsanza akutola m'dzala, pansi pake mawu akuti "chamba chimapengetsa". Mnyamata wa kabaza akachiona amakumbukira mnzake amene wasuta zaka zisanu koma akupalasabe njinga mpaka ku Mkanda. Ndiye aseka, poti waona kuti mwakokomeza. Zoona n'zakuti chamba chimasokonezadi mutu wa ena, makamaka oyamba kusuta ali aang'ono, ndipo alipo amene amakathera ku chipatala cha amisala ku Zomba. Koma si onse, ndipo iwo akudziwa. Mukawauza za ndalama ya tsiku lonse yothera m'botolo, kapena za kugwidwa ndi apolisi, satsutsa, chifukwa zimenezo amaziona ndi maso.

Palinso funso limene mudzaliona m'makomenti: "Nanga si boma linaloleza?" Musalifufute. Lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, kwa okhawo ali ndi chiphaso. Kusuta n'koletsedwabe. Ayankheni choncho, mwaulemu, pomwepo.

Za malaiki musadandaule nazo. Amene uthenga wamukhudza sangalembe pagulu, anzake a pa siteji akuona. Amadikira usiku n'kubwera ku inibokosi, mwina ndi "bho" yekha basi. Kodi alipo amene amayankha nthawi imeneyo? (Ine ndinachedwapo kuyankha wina masiku atatu, sanalembenso.)

China, ambiri amagula kabandulo ka WhatsApp kokha, kanema wautali satsegula. Pezani mnyamata wa pomwepo amene anasiya, ngati iye mwini walola, ajambule mawu a mphindi imodzi m'Chichewa cha pa msika, osati cha mu wekishopu, muwaponye m'magulu a mpira ndi a kabaza.

Koma musanatumize, kambiranani ndi azaumoyo a pa chipatala cha boma cha Mchinji, kuti wina akadzati "ndikufuna kusiya", mudziwe khomo lomulozera ndi tsiku loti apite.