Paratransit ikudya bajeti: poyambira ngati mukufuna kuiphatikiza ndi mabasi wamba

Achemwali, mwati mwalowa mu komiti yoyang'anira zamaulendo mumzinda wanu waung'onowo ku America, ndipo galimoto za paratransit, zija zotenga anthu aulumali pakhomo n'kukawatula komwe akupita, zikumeza ndalama zambiri pomwe okwera ndi ochepa. Mukufunsa ngati kuziphatikiza ndi mabasi wamba kungachepetse mtengo. Kungachepetse ndithu, koma ambiri amathamangira kumatula anthu pa siteji kuti apitirize ndi basi, pomwe imeneyo ndi njira yoyenera kubwera pamapeto.

Vutoli si lanu nokha. Lipoti la 2012 la GAO, ofesi ya boma la America yofufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma, linapeza kuti mu 2010 ulendo umodzi wa paratransit unkadya pafupifupi $29, pomwe wa pa basi kapena sitima unali cha m'ma $8. Ndipo manja anu ndi omangika ndi lamulo la ADA la 1990, loteteza ufulu wa anthu aulumali ku America. Muyenera kunyamula oyenerera paliponse mkati mwa magawo atatu mwa anayi a mailo, pafupifupi makilomita 1.2, mbali zonse ziwiri za njira ya basi, masiku ndi maola omwe basiyo imayenda. Mtengo sungapitirire kuwirikiza kawiri wa basi. Munthu akaimba lero muyenera kumunyamula mawa, ndipo nthawi yomwe wapempha mungaisunthe ndi ola limodzi lokha, kutsogolo kapena kumbuyo. Simungamukanize chifukwa choti akupita kokacheza osati kuchipatala. Choncho za kukweza mtengo kapena kuchepetsa maulendo muziiwale.

Musanasinthe chilichonse, pemphani ofesi yokonza maulendo ikupatseni maulendo onse a miyezi itatu yapitayi: ponyamukira, potsikira, nthawi, kutalika kwake, ndi maola omwe galimoto zayenda. Nambala yofunika kwambiri ndi ya anthu omwe galimoto imodzi imanyamula pa ola. Tiyerekeze kuti galimoto ndi dalaivala zikukudyerani $72 pa ola. Ikamanyamula anthu atatu pa maola awiri, ulendo umodzi ndi $48. Ikafika anthu awiri pa ola, watsika kufika $36. Kenako ikani maulendowo pa mapu a njira za mabasi. Mudzapeza anthu angapo omwe amayenda ulendo womwewo tsiku ndi tsiku, kuntchito kapena kusukulu, ndipo kunyumba ndi kofikira konse kuli pafupi ndi siteji. Ndalama zanu zili pa anthu amenewa.

Funso ndi loti n'chifukwa chiyani sakwera basi. Nthawi zambiri yankho lili pansi, osati m'basimo. Pitani pa siteji yapafupi ndi nyumba ya mmodzi wa iwo mukaone. Mwina chikwangwani chazikidwa pa kapinga, ndiye dalaivala akatsitsa chokwerera cholowetsera njinga ya olumala m'basi, mawilo a njinga ya olumala amatitimira m'matope. Mwina msewu wa oyenda pansi umathera panjira, kapena pamphambano palibe potsetsereka potsikira. Muyezo wa malo okwerera basi pa siteji ndi simenti yosalala ya mafiti 5 m'mbali mwa msewu ndi mafiti 8 kulowa mkati, yolumikizana ndi njira yodutsika. Musakonze masiteji motsatira mndandanda wa mayina a misewu. Yambani ndi omwe ali pafupi ndi okwera paratransit pafupipafupi, chifukwa munthu woyenda kawiri patsiku, masiku asanu pa sabata, ndi maulendo pafupifupi 500 pachaka, ndipo siteji imodzi ikhoza kudzilipira yokha. Onaninso mabasiwo. Chokwerera chikhale chikuyesedwa m'mawa uliwonse basi isanatuluke, malamba omangira njinga akhale athunthu, ndipo masiteji azilengezedwa mokweza kuti osaona adziwe potsikira. Munthu akasiyidwa pa siteji kawiri chifukwa chokwerera chafa, sabwereranso ku basi.

Chotsatira ndi kaunikidwe ka oyenerera. Mizinda yambiri imangolandira fomu ndi kalata ya dokotala, n'kuvomereza aliyense pa maulendo onse. Koma lamulo limayang'ana zomwe munthu angathe kuchita, osati dzina la matenda ake. Pali ena omwe angakwere basi bwinobwino kukacha bwino, koma osati kukagwa chipale chofewa, kukada, kapena ngati pali mtunda wautali wokafika pa siteji. Oterewa amavomerezedwa mwa apo ndi apo, ndipo zifukwazo zimalembedwa momveka, mwachitsanzo kuti sangayende kuposa mamita 200, kapena sangawoloke msewu wopanda maloboti olira. ACCESS, paratransit ya ku Pittsburgh, ndi yodziwika pa kaunikidwe kotere, kopenda ulendo uliwonse paokha. Pamafunika kuonana ndi munthuyo maso ndi maso, ndi katswiri woona za mayendedwe a thupi. Kumbukirani kuti pakadutsa masiku 21 musanayankhe fomu yathunthu, munthuyo amayamba kukwera mpaka mutapereka chigamulo, ndipo ali ndi ufulu wochita apilo. Pomwe ambiri amagwa ndi apa: amalemba zifukwazo mu faelo, koma woyankha foni saziona pa kompyuta yake, kapena sadziwa ngati njira ya pakati pa nyumba ndi siteji ndi yodutsika. Zikatero aliyense amangopatsidwa galimoto monga kale, ndalama zounikira zija zapita pachabe.

Mukaunika, perekani chokopa. Ku Washington DC, okwera MetroAccess, paratransit ya kumeneko, ovomerezedwa mwa apo ndi apo amakwera mabasi a Metrobus ndi sitima za Metrorail ulere. Mumataya madola awiri kapena atatu a tikiti, n'kupulumutsa makumi. Phatikizani ndi maphunziro a kayendedwe: mphunzitsi amayenda ndi munthuyo njira yake yeniyeniyo, kumusonyeza poima, pokanikiza belu, chochita akadutsa potsikira, kenako n'kumamutsatira chapatali mpaka atazolowera. Ndalama za Section 5310, thumba la boma la America lothandizira maulendo a okalamba ndi anthu aulumali, zimatha kulipira ntchito imeneyi. Koma mulembereni munthuyo kuti kuphunzira njira imodzi sikumulanda paratransit pa maulendo ena, apo ayi makolo ndi omusamalira adzakana, ndipo sangalakwe kutero.

Tsopano za kutula anthu pa siteji zija. Zili ngati kukwera kabaza kuchoka kunyumba kukafika pa siteji ya minibasi: galimoto ya paratransit imayenda gawo lovuta lokha, basi kapena sitima n'kumaliza. TTC, yoyendetsa mabasi ndi sitima ku Toronto, imachita zimenezi ndi paratransit yake ya Wheel-Trans pansi pa dongosolo la Family of Services, ndipo inamanga malo odikirira otchinga, otenthetsedwa, otchedwa Access Hubs. Zimapindula pa maulendo ataliatali okha, komanso pa njira yomwe basi imabwera pafupipafupi, tinene mphindi 15 zilizonse. Chifukwa chake n'choti nthawi yambiri ya galimoto imathera popita kukamutenga munthu, kumukweza, kumanga njinga pamalo anayi ndi kumutsitsa. Zonsezi zimachitikabe ngakhale mwamutula pa siteji. Ulendo wa mailosi atatu mukaudula pakati simupulumutsa kanthu, ndipo ngati kutsidyako kukufunikanso galimoto yachiwiri, mwawonjezera mtengo. Wa mailosi 15 wolowa pakati pa mzinda ndiwo woyenera. Ulendo wobwerera ndi womwe umavuta: basi ikachedwa, dalaivala wanu adikire kapena apite? Gwirizanani pasadakhale, ndipo woyendetsa maulendo muofesi aziona pomwe basiyo ili. Musalipiritse kawiri, ndipo nthawi yonse ya ulendowo isatalike kwambiri kuposa momwe zikanakhalira pa basi.

Popeza mzinda wanu ndi waung'ono, njira yomwe ndikuiona kuti ingakupindulireni kuposa zonsezi ndi ya kumalekezero kwa tauni, komwe basi imayenda ndi anthu anayi kapena asanu pa ola, kwinaku galimoto ya paratransit ikuyitsata msewu womwewo ili ndi munthu mmodzi. Kumeneko ikani basi yaing'ono imodzi yomwe imatsata njira yake koma imapatuka kukatenga amene waimbiratu foni. Ikamapatukira aliyense, osati aulumali okha, boma limaiwerenga ngati yoyenda moitanidwa, ndipo sipafunikanso paratransit yapadera pa njirayo. Onjezani mphindi zisanu mpaka khumi pa ndandanda, ndipo onetsetsani kuti kupatukako kukuchitikadi munthu akapempha. Ndandanda ikathina, madalaivala amayamba kukana mwakachetechete, ndipo mlandu umakhala wanu.

Wina mu komitiyo adzatchula za Uber ndi Lyft, galimoto za hayala zoitanitsa pa foni. MBTA, yoyendetsa mabasi ndi sitima ku Boston, inayamba kuziyesa mu 2016. Ulendo umodzi unatsika mtengo kwambiri, koma anthu anayamba kuyenda maulendo ochuluka chifukwa cha kuphweka kwake, ndiye phindu la ndalama linachepa. Kwa okwerawo ndi zabwino, koma musaziike mu bajeti ngati chopulumutsira, ndipo galimoto zokwanira njinga ya olumala zimasowa.

Werengani bwino mgwirizano wanu ndi kampani yoyendetsa galimotozo. Ngati mumalipira pa ulendo, aliyense wosamukira ku basi amachotsa ndalama pa bilu mwezi womwewo. Ngati mumalipira pa ola, mukhoza kusamutsa maulendo 20 patsiku bilu osasintha, chifukwa galimoto zonse zikutulukabe, kungoti zapepukidwa. Ndalama zimaoneka pokhapokha wokonza ndandanda akaphatikiza otsalawo n'kuchotsa galimoto imodzi kapena kudula maola a shifiti. Muuzeni azichita zimenezi miyezi itatu iliyonse, ndipo mgwirizano ukamakonzedwanso onani kuti mulibe chiwerengero cha maola chomwe muyenera kulipira ngakhale galimoto itaima.