Kwa m'bale wathu amene waitanidwa kukayesa mfuti pafupi ndi Pretoria

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kangapo, ndipo ndaona kuti ambiri amene akuyankhani akungoseka kapena kukuopsezani, chonsecho zimene mwafunsa ndi zomveka. Mwanena kuti mnzanu wa kuntchito wakuitanirani ku malo oomberako mfuti pafupi ndi Pretoria, kumene ogulitsa mfuti akonza tsiku loti aliyense abwere kudzayesa mfuti zosiyanasiyana, ndipo mukufuna kudziwa ngati Mmalawi amene sanagwirepo mfuti chibadwire akuloledwa kutero, ngati mungatenge mwana wanu wa zaka 12, komanso ngati pambuyo pake mungathe kugula yanu yodzitetezera. Ine ndakhala ku Gauteng kuno kwa zaka zambiri, ndili ndi chiphaso chokhala m'dziko muno mokhazikika, ndipo kuombera chandamale ndiwo masewera anga a Loweruka, choncho ndiyankha malinga ndi zimene ndaona ndi maso anga.

Kupita mukhoza kupita, ndipo simuphwanya lamulo lililonse. Nkhani za mfuti m'dziko la South Africa zimayendetsedwa ndi lamulo lotchedwa Firearms Control Act, la nambala 60 la chaka cha 2000, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2004. Ndime 22 ya lamuloli imalola munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo, amene ali ndi laisensi ya mfuti, kupatsa munthu wina mfutiyo kuti aombere, malinga ngati mwiniyo ali pomwepo akuyang'anira, malo ake ndi oyenera, ndipo cholinga chake ndi chovomerezeka. Pa ndime imeneyi ndi pamene masiku oyesera mfuti atsamira. Pakhomo akakufunsani chiphaso chokuzindikirani, ndiye tengani pasipoti imene ili ndi chilolezo chimene sichinathe ntchito, ndipo akakupatsani fomu yoti musaine, yonena kuti mukudziwa kuti malowo ndi oopsa komanso kuti mudzatsata malamulo awo. Muiwerenge fomuyo musanasaine. Kwa abale athu amene mapepala awo sali bwino, ndinene mosabisa kuti malo amene amalemba dzina ndi nambala ya pasipoti m'kaundula, kumenenso apolisi ambiri amakonda kupitako pa nthawi yawo yopuma, si malo oti mukasangalaleko.

Chimene ndikufuna kuti muchimvetse musananyamuke ndi chakuti tsiku lotere si sukulu ayi, ndi msika. Amene alikonza akufuna kuti anthu ambiri agwire mfuti zawo, aombere zipolopolo zisanu kapena khumi, amve kukoma, ndipo ena mwa iwo adzabwerenso kudzagula. Palibe cholakwika pamenepo, koma zotsatira zake ndi zakuti kumbuyo kwanu kumakhala mzere wa anthu, woyang'anira wakhala akubwereza mawu omwewo kuyambira m'mawa, ndipo nthawi imene angakupatseni ndi mphindi zochepa chabe. Munthu amene sanagwirepo mfuti amachita manyazi kunena kuti sadziwa, makamaka ife amuna, ndipo manyazi amenewo ndiwo oopsa kuposa mfutiyo. Mukangofika pa tebulo, muuzeni woyang'anira kuti aka ndi koyamba, ndipo ngati sasintha mmene akukuthandizirani atamva zimenezo, chokanipo mupite pa tebulo lina.

Pali malamulo anayi amene mukawamve paliponse, ndipo anatchuka chifukwa cha Jeff Cooper, msilikali wopuma wa ku America amene anatsegula sukulu yophunzitsa kuombera ya Gunsite ku Arizona mu 1976. Mfuti iliyonse muziitenga ngati ili ndi chipolopolo, ngakhale mutaona ndi maso anu akuichotsa zipolopolo. Kukamwa kwa mfuti kusaloze chinthu chimene simukufuna kuchiwononga. Chala chisakhale pa chokhethemulira kufikira mutalunjika chandamale. Ndipo muzidziwa chimene mukuombera pamodzi ndi chimene chili kuseri kwake, pakuti ngakhale kachipolopolo kakang'ono ka .22 kangathe kuyenda mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Pa anayiwa, limene alendo amaliphwanya kwambiri ndi lachiwiri. Tsiku lina ndinaona bambo wina, wovala bwino komanso waulemu wake, atangolasa pakati pa chandamale, akutembenuka ndi chimwemwe kuti mnzake amujambule, pisito ili m'manja, chala chili pa chokhethemulira, ndipo kukamwa kwa mfutiyo kunadutsa pamimba pa anthu tonse amene tinaima kumbuyo. Woyang'anira anamugwira dzanja n'kulibwezera kutsogolo, ndipo palibe amene anavulala, koma kwa kanthawi malo onse anangoti zii. Bamboyo sanali munthu woipa, kungoti thupi la munthu limatsata kumene mutu watembenukira, ndipo mkono umatsata thupi. Ngati mukufuna kulankhula ndi munthu wa kumbuyo, yambani mwaika mfuti pa tebulo italoza kutsogolo, kenako tembenukani manja ali opanda kanthu.

Mawu oyendetsera malowo amanenedwa m'Chingerezi, nthawi zina mosakaniza ndi Afrikaans, ndipo amene muyenera kuwadziwa ndi akuti "cease fire". Mukawamva, chotsani chala pa chokhethemulira, lekani kuombera pompo, ndipo dikirani kuti akuuzeni chochita. Mawuwa si a woyang'anira yekha ayi, inunso muli ndi ufulu wowafuula mukaona choopsa. Anthu akapita kutsogolo kukasintha mapepala a chandamale, palibe amene amaloledwa kukhudza mfuti, ngakhale kungoisuntha pa tebulo.

Tsopano za mfuti zimene muyenera kuyesa, ndi ndondomeko yake, chifukwa apa ndi pamene anzathu amatisocheretsa pofuna kutiseka. Yambani ndi mfuti yaitali ya .22, mutakhala pansi, itatsamira pa tebulo. Chipolopolo chake chimalemera pafupifupi magalamu awiri ndi theka, phokoso lake ndi lochepa poyerekeza ndi zina, ndipo siikankha phewa, motero maganizo anu onse amakhala pa kulunjika ndi kukhethemula pang'onopang'ono. Mukazolowera, pitani pa pisito ya .22, kenako pa ya 9mm, imene ndiyo yofala kwambiri kuno. Mwina mukapeza Glock 17 ya ku Austria, imene magazini yake, kabokosi kosungiramo zipolopolo, imalowa zipolopolo 17, kapena CZ 75 ya ku Czech, yolemererapo chifukwa ndi yachitsulo yonse, ndipo mudzadabwa kuona kuti yolemerayo ndiyo imadumpha pang'ono m'manja. Nthawi yoyamba pa mfuti iliyonse yatsopano, pemphani kuti akuikireni chipolopolo chimodzi chokha. Chifukwa chake ndi chakuti pisito zimenezi zikangoomba zimalowetsa zokha chipolopolo china, ndiye munthu amene wadzidzimuka ndi kulira koyamba akhoza kufinyanso chala mosadziwa, mfuti italoza kale kudenga kapena kumbali. Chipolopolo chikakhala chimodzi, ngakhale mudzidzimuke chotani, mfutiyo yatha mphamvu. Samalaninso chala chachikulu cha dzanja lothandizira, chisakhale kumbuyo kwa chitsulo cha pamwamba pa pisito, chifukwa chitsulocho chimabwerera m'mbuyo mwamphamvu ndipo chimang'amba khungu. Chifefe ndi mfuti zikuluzikulu zosakira nyama zisiyeni kumapeto, kapena zisiyiretu tsiku limenelo. Mnzanu akakukakamizani kuti muyambe ndi yaikulu kuti akujambuleni mukudzandira, dziwani kuti akufuna kanema osati kukuphunzitsani, ndipo munthu amene wayamba motero amatenga chizolowezi chotsinzina ndi kugwetsa mfuti asanaombe, chimene chimatenga miyezi kuti chichoke.

Mfuti ikakanika kuomba, musaiyang'ane kukamwa kapena kuyesa kuikonza. Ilozetseni kutsogolo, dikirani, ndipo kwezani dzanja linalo kuti woyang'anira abwere, pakuti nthawi zina onga umachedwa kuyaka. Chimodzimodzinso mukamva kuti yalira mofooka kusiyana ndi poyamba, musaombenso, chifukwa mwina chipolopolo chatsakamira mumpope, ndipo chachiwiri chikachipeza momwemo mpopewo ukhoza kuphulika.

Nkhani ya makutu anthu amaipeputsa, koma ndi imene ndikadakonda wina akadandiuza msanga. Phokoso la m'fakitale likafika madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa tsiku lonse la ntchito, ogwira ntchito amayenera kuvala zotchinga m'makutu. Mfuti ya .22 imafika cha m'ma 140, ndipo pisito ya 9mm imafika cha m'ma 160, mlingo umene kulira kumodzi kokha kungathe kuwononga khutu mpaka kalekale. Khutu langa lakumanzere limalira ngati nkhululu usiku uliwonse chifukwa tsiku lina ndinavula chotchinga kuti ndimve zimene mnzanga amanena, pamene wina pambali panga anali kuomba mfuti yaitali. Ngati malowo ndi a m'nyumba, valani zonse ziwiri, tothithikira m'kati mwa khutu komanso zophimba kunja, ndipo musavule kufikira mutatuluka. Magalasi oteteza maso nawonso musawavule. Valani nsapato zotseka ndi malaya otseka pakhosi, chifukwa zikhokhombe za zipolopolo zimatuluka zili zotentha, ndipo chimodzi chikalowa m'malaya munthu amavina mfuti ili m'manja. Mukamaliza, sambani m'manja ndi kumaso ndi sopo musanadye kanthu, popeza utsi ndi fumbi la zipolopolo zimakhala ndi mtovu, ndipo pa chifukwa chomwechi mayi woyembekezera asapiteko. Za mowa n'zosachita kufunsa: lamulo lomwe lija limati kugwira mfuti utaledzera ndi mlandu, ndiye nyama yootcha ndi zakumwa zidikire mpaka mfuti zitatsekeredwa.

Za mwana wanu, ndime 22 ija siitchula zaka za woomberayo, koma malo aliwonse ali ndi malamulo awoawo, choncho imbani foni mufunse. Maganizo anga ndi akuti ulendo woyambawu musamutenge. Simungathe kuyang'anira mwana pa chinthu chimene inuyo simukuchidziwa, ndipo tsiku la chionetsero, lodzaza ndi anthu ndi phokoso, si malo abwino oyambira. Mu Okutobala 2008, m'tauni ya Westfield ku Massachusetts m'dziko la America, mnyamata wa zaka 8 anafa pa chionetsero chonga chimenechi pamene mfuti ya Micro Uzi, imene imalavula zipolopolo mosalekeza, inakwera m'mwamba n'kumulasa m'mutu, bambo ake akujambula kanema, ndipo amene anali kuyang'anira pa tebulolo anali mnyamata wa zaka 15. Mu Ogasiti 2014, ku Arizona, mtsikana wa zaka 9 analephera kugwira Uzi ndipo chipolopolo chinapha mphunzitsi amene anaima pambali pake. Kuno mfuti zolavula mosalekeza ndi zoletsedwa kwa munthu wamba, ndiye n'zokayikitsa kuti mukazipeza, koma chimene chinachitika m'malo awiriwo ndi chimodzi: akuluakulu anapatsa mwana mfuti yoposa mphamvu za manja ake. Mukapita nokha, mukaona mmene oyang'anira akuchitira, ndipo mukakhutira mudzamutenge tsiku lopanda anthu ambiri, aphunzire ndi mfuti ya mpweya kapena ya .22, mphunzitsi ali wake yekha.

Musatuluke ndi chipolopolo ngakhale chimodzi ngati chikumbutso. Kupezeka ndi chipolopolo popanda laisensi ndi mlandu pansi pa ndime 90, ndipo chilango chake chikhoza kufika zaka 15 m'ndende. Pisani m'matumba onse musanakwere galimoto, ndipo chikwama chimene mwapita nacho musadzachitenge pa ulendo wa kumudzi musanachikutumule bwinobwino. Ngakhale chikhokhombe chopanda kanthu chikapezeka m'katundu wanu pa bwalo la ndege la OR Tambo, ku Beitbridge kapena pa chipata cha Mwanza, chidzakutayitsani nthawi ndi mafunso amene simukadafuna kuwayankha, basi ikukudikirani kapena itakusiyani.

Funso lanu lomaliza ndi limene yankho lake likhumudwitse ambiri m'gulu muno. Kuti munthu apemphe laisensi ya mfuti, ayenera kuyamba wapeza satifiketi yosonyeza kuti ndi woyenera kusunga mfuti, ndipo ndime 9 imati wopemphayo akhale wa zaka 21 kapena kuposerapo, komanso akhale nzika ya South Africa kapena munthu wokhala ndi chiphaso chokhala m'dziko muno mokhazikika. Chilolezo chogwirira ntchito kapena chophunzirira sichikwanira. Kwa amene ali ndi chiphasocho, njira yake ndi kuphunzira kwa mphunzitsi wovomerezeka, kulemba mayeso a lamulo ndi kuyesedwa kuombera, kupereka mafomu ndi zidindo za zala kwa wapolisi woona za mfuti pa siteshoni ya dera lanu, kukhoma sefa yachitsulo kukhoma kapena pansi m'nyumba, kenako n'kudikira kwa miyezi kuti likulu la kaundula wa mfuti ku Pretoria liyankhe. Laisensi yodzitetezera ikatuluka imakhala ya mfuti imodzi yokha, ndipo imatha pakapita zaka zisanu. Ndikudziwa kuti mantha amene akuchititsani kufunsa ndi enieni, pakuti ambiri a ife tinaberedwapo kapena kuopsezedwa, koma munthu amene angakunong'onezeni kuti ali ndi mfuti yotchipa yopanda mapepala akukugulitsani zaka za m'ndende, ndipo simudziwa kuti mfutiyo inapha yani isanafike kwa inu. Mundiuze mtundu wa chilolezo chimene chili m'pasipoti yanu, osatchula nambala, ndipo ndikuuzani ngati njira ya laisensi ili yotseguka kwa inu kapena ngati muyenera kukhutira ndi kuombera chandamale Loweruka moyang'aniridwa ndi munthu amene ali ndi laisensi.